Nyimbo Imene Mayi Belu Anaiyambira Pamwamba

M'mawa uliwonse, asanatsegule chitseko cha kumsewu, Mayi Belu ankathira madzi ofunda m'kapu yawo yachitsulo, kumwa pang'onopang'ono, kenako n'kuigogoda kapuyo ndi supuni. Kapu inkalira kuti ngiii. Iwo ankatsinzina n'kumalondola kulirako ndi mawu a m'mphuno mpaka atakupeza, ndiyeno ankakwera pamwamba pake pang'ono, n'kukweranso. Akafika pomwe ankafuna, ankatsuka kapu ija n'kuiika pa shelefu, tsiku n'kuyamba bwino. Akalephera kufika, makasitomala ankadziwa okha. Ulusi unkaduka, singano inkasowa, ndipo wobwera kudzafunsa ngati diresi lake latha ankabwerera atamva zake.

Ntchito yawo inali yosoka. Makina awo opalasa ndi phazi ankakhala m'chipinda cha kutsogolo, pansi pa zenera loyang'ana kumsewu, ndipo mayunifolomu a ana ambiri a m'deralo anadutsa m'manja mwawo. Koma ukanawadzutsa kutulo n'kuwafunsa kuti kodi ndinu yani, sakanatchula makina. Akanati ndine woyambitsa nyimbo kutchalitchi.

Tchalitchicho chinali chaching'ono, chamalata, kuseri kwa depoti ya mabasi. Munalibe limba, munalibe gitala. Abusa akatchula nambala ya nyimbo, anthu ankatsegula mabuku, mapepala n'kuchita phokoso, kenako zii, onse kudikira munthu mmodzi. Kanthawi kameneko kanali ka Mayi Belu. Ngakhale wodwala chifuwa ankayamba wadikira osatsokomola. Iwo ankaimirira pamalo pawo kutsogolo, kukoka mpweya, n'kuponya mzere woyamba m'mwamba, ndipo mpingo unkautsatira mmene ungathere.

Dzina lakuti Belu linachokera pomwepo. Mawu awo anali owonda, akuthwa, oyera mbee, ndipo anthu ankati akafika pa kolasi ngakhale makondakitala kudepoti ankasiya kuitanira. Anayamba ntchitoyi mwana wawo woyamba ali kumsana. Tsopano mwanayo anali ndi ndevu, akugwira ntchito kutali. Abusa anasintha, denga linasinthidwa, koma woyambitsa nyimbo anali yemweyo.

Amuna awo anali kalipentala, munthu wa mapewa aakulu ndi mawu ochepa. Mabenchi onse a m'tchalitchimo anakhoma ndi iwo, ndipo anadzisankhira ya kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, akuti kumeneko kumapita mphepo. Nthawi ya nyimbo ankatsegula buku n'kumaliyang'ana mwaulemu, milomo ili chitsekere. Mayi Belu anazolowera kalekale.

"Abambo a kunyumba kwathu nyimbo anaisiya m'mimba mwa mayi awo," ankatero kwa anzawo, onse n'kuseka.

Sikunali kudandaula. Nyumba imodzi ingachite nawo chiyani mabelu awiri?

Chaka china mng'ono wa Mayi Belu anabwera kudzakhala nawo. Banja lake linali litatha mwakachetechete, ndipo anafika ndi sutikesi ndi beseni basi. Anamupatsa chipinda cha kumbuyo, chomwe munkakhala zidutswa za nsalu, ndipo posakhalitsa anapeza ntchito yophika pa kantini ya kudepoti. Anali munthu wosavuta kukhala naye. Ankasesa asanauzidwe, ankaseka nthabwala za alamu ake ngakhale zozizira. Mawu ake anali okhuthala, apansi, moti kuyambira ali ana Mayi Belu ankamunena kuti amayimba ngati basi ikutenthetsa injini. Iye ankangoseka. Kutchalitchi ankakhala pakati, pamzere wa amayi ogulitsa kumsika, ndipo palibe amene ankamuzindikira.

Ndiye kunabwera chimfine. Chinawagwira Mayi Belu Lachinayi, pofika Loweruka mawu anali atasasiratu. Lamulungu anapitabe, atakulunga mpango m'khosi, n'kukhala pamalo pawo kutsogolo. Abusa atatchula nyimbo anawayang'ana, iwo n'kuloza pakhosi. Mapepala anatha kulira. Zii uja anatalika mpaka anayamba kuchititsa manyazi. Mayi Belu anamva kachisangalalo kena mumtima mwawo: aone lero kuti nyimbo siimadziyamba yokha.

Kenako pakati pa tchalitchi wina anayamba. Anali mng'ono wawo.

Anaiyambira pansi, pansi penipeni, pomwe munthu amalankhulira akamapereka moni. Mayi Belu anapukusa mutu. Wayambira m'chitsime ameneyu, atulukamo bwanji? Nyimbo yake inali ija imayenda chogona m'ndime n'kudzakwera phiri pa kolasi, ndipo iwo ankaidziwa ngati chikhatho chawo. Koma mzere woyamba usanathe amayi a kumsika aja anali atalowa, kenako agogo a pabenchi ya kukhoma, amene Mayi Belu ankayesa kuti amangotafuna milomo, kenako amuna. Pofika pa kolasi phiri lija linali kachulu chabe, ndipo tchalitchi chonse chinakwera pamodzi. Benchi imene iwo anakhalapo inkanjenjemera.

Pansi pa mawu onsewo panali ena amene sanawamvepo. Besi yonenepa, yofunda, yoyenda mosathamanga ngati munthu wodziwa njira. Anaganiza kuti kwabwera mlendo. Anatembenuka pang'ono, ngati akukonza mpango.

Anali amuna awo. Mutu unali chakumwamba, khosi likugwira ntchito. Buku linali lotseka m'dzanja lawo. Mawu onse, ndime ndi ndime, ankawadziwa pamtima.

Masana patebulo awiriwo anali ngati ana opambana mpira.

"Alamu, kodi chuma chonsechi mumabisa kuti?" anatero mng'ono uja akupakula mpunga. "Ine ndimayesa kumbuyo kwaima thirakitala."

Kalipentala anaseka mpaka mapewa kugwedera. "Wolakwa ndinu, alamu. Munaiyambira poti munthu n'kuponda. Ndangozindikira ndili m'kati."

"Ndiye muzilipira msonkho. Besi yotere siyikhala yaulere."

"Ndikukhomerani kampando."

Mayi Belu anatafuna, anameza, n'kunong'ona ndi timawu tomwe tinatsala: "Mchere wachepa."

Chimfine chinatha, mawu anabwerera, iwo n'kubwerera pantchito yawo. Koma tsopano poyimba khutu limodzi linkakhala kumbuyo. Ankaponya mzere woyamba n'kumvetsera. Kukhomo kunkabwera mphepo yokha. Tsiku lina anatembenuka dala pakati pa ndime, n'kuwaona amuna awo atayang'ana m'buku mwaulemu, milomo ili chitsekere, monga mwa zaka zonse. Kale zimenezi sizinkawapweteka. Tsopano ankadziwa chimene chatsekeredwa kuseri kwa milomoyo.

Kunyumba ndiye kunali kovuta. Kashedi ka kalipentala kanali kuseri, moyang'anana ndi potsukira mbale. Madzulo mng'ono uja akaweruka ankakhala pamenepo n'kumakwecha mapoto, akung'ung'udza kanyimbo osadziwa n'komwe kuti akutero. Pasanapite nthawi kushedi kunkayankha besi, ikuyenda limodzi ndi kupala kwa thabwa. Sankayang'anana. Wina maso pa poto, wina pa thabwa. Nyimbo ikatha aliyense ankapitiriza zake.

Chinkawawa kwambiri n'chimenecho. Akanawapeza atagwirana manja, bwenzi Mayi Belu atadziwa kokadandaula. Koma munthu ungapite kwa abusa kukanena kuti amuna anga akuyimba? Ankangopalasa makina mwamphamvu mpaka tebulo kuyenda, kuti phokoso likwirire zakuseriko. Msoko unkakhota, iwo n'kuphwasula, n'kuyambanso. Nthawi zina ankaimitsa phazi mwadzidzidzi kuti amve ngati akadali kuyimba. Anali akadali kuyimba.

Ngakhale makasitomala sanawathandize. Mayi wina wogulitsa nsapato, ataimirira kuti amuyeze siketi, anayamba yekha.

"Koma Lamulungu lija tinayimba, inu. Ine ndinafika kunyumba mawu atatha. Mng'ono wanu uja, iii, magazi sanama."

"Imani bwino."

"Ndikuti mphatso ili m'banja mwanu. Ngakhale abambo aja..."

Phini inalowa pang'ono kupitirira nsalu. Mayiyo anadumpha.

"Ndinati imani bwino," anatero Mayi Belu.

Kenako kunabwera akulu a mpingo. Anali bambo wokalamba amene anayendetsa basi moyo wake wonse, ndipo ngakhale atapuma, nkhani iliyonse ankaiyendetsa ngati basi. Anakhala pampando wa makasitomala, chipewa pabondo, n'kufunsa za ana, za mitengo ya ulusi, za mwendo wa makina womwe unkalira. Atazungulira mokwanira anakhota.

"Mayi, Lamulungu likubwerali ndi la Mgonero, ndipo kubwera alendo a mipingo ina. Tinakhala pansi ndi abusa. Tinati bwanji katunduyu mugawane ndi mng'ono wanu. Inu muyambitse yotsegulira, iye za pambuyo pa ulaliki."

"Ndatopa kodi? Ndani wakuuzani kuti ndatopa?"

"Ayi, palibe. Mawu anu ndi injini yatsopano, aliyense akudziwa." Anatembenuza chipewa. "Kungoti basi, mayi, ukainyamula ndi giya yapamwamba, achinyamata amathamanga n'kukwera, koma okalamba amatsala pa siteji. Ndiye umafika msanga ndithu, koma ukayang'ana kumbuyo mipando ili yokha."

"Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikuyendetsa basi yopanda anthu?"

"Sindinatero."

"Mwatero."

Akuluwo anayang'ana m'chipewa ngati muli yankho. Potuluka anatchula nyimbo yotsegulira imene abusa anasankha. Inali yomwe ija ya tsiku la chimfine. Anthu anaikonda, anatero.

Atapita, mkwiyo wa Mayi Belu unazizira n'kusanduka maganizo. Nyimbo inali m'manja mwawo. Ngati chinsinsi chonse n'kuyambira pansi, kodi pansi pali mwini wake? Akanaiyambira pansi iwowo, tchalitchi n'kudzaza, besi ija n'kudzuka kumbuyo chifukwa cha iwo. Kamodzi kokha. Sanafune zambiri.

Loweruka masana, amuna awo atapita kukapereka chitseko kwa kasitomala, anatseka zenera n'kuyesa. Anatsitsa mawu. Chimene chinatuluka chinawachititsa manyazi ngakhale anali okha. Pamwamba mawu awo anali mpeni, koma pansi anali mpweya wokhawokha, onjenjemera, a mayi wina aliyense wotopa. Anayesanso. Anatsika kwambiri mpaka mawu anazimiririka. Anakwera pang'ono, n'kupezeka abwerera kwawo kwa masiku onse, ngati phazi lozolowera njira imodzi.

"Asisi."

Mng'ono uja anali pakhomo la chipinda, thumba la kuntchito lili paphewa. Mayi Belu sanadziwe kuti waima nthawi yaitali bwanji.

"Musaifunefune. Ingoyambirani pomwe mumalankhulira. Mmene mumandiitanira muja kuti iwe, bweretsa madzi. Pamenepo basi. Ndiye mukayamba, muchepetse mawu pang'ono kuti anthu adzimve okha."

Ananena mokoma mtima. Akanakhala kuti wanena mwachipongwe, mwina zikanamezeka.

"Iwe ukundiphunzitsa ine nyimbo?"

"Ayi, asisi, ndimangoti..."

"Ndinakuphunzitsa kupukuta mamina ine. Kaike thumbalo, mbale zikukudikira."

Komabe mng'onoyo atachoka, Mayi Belu ananong'ona okha kuti, iwe, bweretsa madzi. Anagwira pomwe mawuwo anagwera, n'kuyamba nyimbo kuchokera pamenepo. Inayenda. Sinali yokongola, koma inayenda. Anaibwereza mpaka anatsimikiza kuti mawa akaipeza.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza mpaka ena anaima m'makhoma. Patebulo la kutsogolo panali nsalu yoyera yophimba mkate ndi tizikho, ndipo nsaluyo anaipinda m'mphepete ndi Mayi Belu omwe. Alendo anakhala mabenchi oyamba, akudzikupiza ndi mapepala chifukwa malata anali atayamba kale kutentha. Mayi Belu anakhala pamalo pawo akubwereza mumtima: iwe, bweretsa madzi.

Abusa anatchula nambala. Mapepala analira. Mayi Belu asanaimirire anaponya diso kumbuyo, kungofuna kuona munthu amene ankamuyimbira lero.

Amuna awo anali atamva nambalayo n'kuizindikira. Anali atatseka kale buku, chifuwa chitakwera, maso ali pakati pa tchalitchi pomwe panakhala mlamu wawo. Nkhope yawo inali ya munthu amene wamva fungo la chakudya chimene amachikonda. Ndiye Mayi Belu anaimirira. Kalipentala anawaona. Mapewa anatsika. Mwaulemu, mosafulumira, anatsegulanso buku n'kuweramira m'menemo.

Zonse za dzulo zinachoka m'mutu. Mayi Belu anakoka mpweya mpaka nthiti kuwawa, n'kuiponya nyimboyo pamwamba pomwe sanaiyambirepo chibadwire.

Amuna anagwa pa mzere woyamba. Ena anayesa kuitsatira chapansi, n'kusochera, n'kusiya. Agogo a kukhoma anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Amayi a kumsika analimbikira, misempha ya m'khosi itatuluka, koma ndime ikupita kumapeto ankatsika mmodzimmodzi ngati anthu ofika kwawo. Mlendo wina wa mawu abwino anapirira mpaka pakhomo pa kolasi, pomwepo mawu ake anathyoka, iye n'kunamizira kutsokomola.

Kolasi Mayi Belu anakwera okha. Ankadziwa kuti pamwamba pa phirilo pali liwu lomwe mwina sakalifika, ndipo analiona likubwera. Analifika. Analigwira pakati penipeni, loyera, losanjenjemera, n'kulisunga mpaka malata analira nalo. Moyo wawo wonse sanayimbepo chomwecho.

Atatseka pakamwa munali zii. Kudepoti basi ina inaliza hutala. Mlendo wina anawomba m'manja kawiri, n'kuzindikira kuti ali yekha, n'kubisa manjawo pakati pa mawondo. Anthu onse anali ataimirira ndi mabuku otsegula, akuwayang'ana monga mmene anthu amayang'anira munthu wokwera mtengo wautali: mogoma, komanso mofuna kuti atsike bwino.

Panatsala ndime zina. Mayi Belu anakokanso mpweya. Akulu a mpingo anatsokomola, ndipo abusa, osakweza mutu kwenikweni, anagwedezera chakumene kunali mng'ono uja.

Iye sanayambe msanga. Anayang'ana mkulu wake kaye, maso akufunsa. Mayi Belu anayang'ana khoma. Ndiye mawu okhuthala aja anayamba ndime yachiwiri, pansi, mwamanyazi, ndipo tchalitchi chinawagwera ngati anthu aludzu. Patangopita mawu ochepa mwini wake sankamvekanso, anamira mwa anzake. Kumbuyo besi inadzuka.

Mayi Belu anatsala chiimirire kutsogolo. Anayesa kulowa nawo, koma sanadzimve. Anakhala pansi nyimbo isanathe, n'kumayang'ana msoko wa nsalu yoyera ija.

Akulu a mpingo anabwera dzuwa litapendeka. Ulendo uno sanazungulire kwambiri. Anati mpingo wagwirizana kuti kuyambira Lamulungu likubwerali nyimbo za onse aziyambitsa mng'ono wawo. Koma Mayi Belu sakutayidwa, ayi. Nthawi ya chopereka azipatsidwa mpata woyimba nyimbo yapadera, okha.

"Mawu ngati anu, mayi, si oti tiziwasokoneza ife achule. Tizikhala pansi n'kumamvera."

Mayi Belu anawathirira tiyi, anawasunthira shuga, anawaperekeza mpaka pamsewu. Pobwerera sanalowe m'nyumba. Anazungulira kuseri.

Kalipentala sankagwira ntchito Lamulungu, koma ankakonda kukhala m'kashedi kake n'kumasanja misomali m'zitini. Anakweza maso, n'kuchotsa utuchi pa kampando kuti akazi awo akhale. Iwo sanakhale.

"Zaka zonsezi, bambo. Bwanji simunandiuze kuti mumayimba?"

"Simunandifunse."

"Ndinkauza anthu kuti mulibe nyimbo. Inu muli pomwepo, mukuseka nawo."

"Inali nthabwala yabwino."

"Lero munatseka buku. Nditaimirira ine, munalitsegula. Ndinakuonani."

Kalipentala anagubuduza msomali pakati pa zala kwa kanthawi.

"Mayi, tsiku loyamba kukuonani munali mukuyimba. Ndinabwera kudzayeza zenera la tchalitchi, ndinabwerera osayeza. Mpaka lero mukayamba inu, ine ndimamvera. Ndilowe pati? Kumene mumapita inu kulibe makwerero." Anaponya msomali m'chitini. "Akayamba alamu sindiwamva n'komwe. Ndimangomva ndekha ndi anzanga."

Mayi Belu anawatembenuza mawuwo uku ndi uku. Munali uchi, anauona. Mtsikana amene anali iwo kale akanapita nawo kukagona akumwetulira. Koma iwo ankafuna besi ija, ndipo mawu okomawo ankanena poyera kuti sadzaipeza.

"Ndiye mukuti ndisangalale?"

"Ine ndangoyankha zomwe mwafunsa."

"Dzulo ndinaiphunzira pansi. Masana onse. Chifukwa cha inu."

Kalipentala anawayang'ana, ndipo ulendo uno nkhope yawo inagwa zenizeni. "Nanga bwanji simunaiyambire pomwepo?"

Mayi Belu anayang'ana zitini za misomali zija. Anatembenuka n'kulowa m'nyumba.

Mng'ono wawo anali kukhitchini, ataima pafupi ndi mbaula yozima, maso ofiira.

"Asisi, ndamva zomwe anena akulu aja. Mawa ndikawauza kuti sindikufuna. Ine ndinabwera ndi beseni pano. Mwandipatsa chipinda, mwandipatsa chakudya, ndiye ndikulandeninso malo anu? Ndikana. Ndikanena kuti ndimachita mantha pagulu."

"Umachita mantha?"

Anazengereza. "Ayi."

"Unamva bwanji muja anthu atalowa?"

Mng'onoyo anayang'ana pansi, koma pakona pa mlomo wake panathawa kanthu kamene sanathe kukabweza. "Ndinamva bwino, asisi."

Mayi Belu anakaona kanthuko, ndipo kanawabaya kuposa zonse za tsikulo. Anadziwa kuti mwanayu akunena zoona, akanakanadi. Liwu limodzi lokha, ngakhale kungokhala chete, malo aja akanabwerera kwa mwini wake. Lamulungu akanaimirira monga kale, mapepala akanatha kulira, zii uja akanakhala wawo. Ndipo tchalitchi chonse, kuyambira abusa mpaka munthu wa pabenchi ya kukhomo, chikanadziwa kuti aimirira pa chifundo cha mng'ono wawo.

"Yatsa moto," anatero. "Anthu sadya nyimbo."

M'mawa mwake mng'onoyo anatuluka m'chipinda chake atavala kale za kuntchito, thumba paphewa, akuyenda monyang'ama. Anapeza mkulu wake atakhala pa makina, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Ukupita kuti?"

"Ndidzera kwa akulu a mpingo, kenako kuntchito."

"Kwa akulu a mpingo kulibe chako. Ika thumbalo. Bwera kuno."

Anabwera.

"Munthu woimirira kutsogolo anthu amamuona kumsana ndi kumbali. Sungakaime pamenepo ndi timabulauzi tako ta kukantini, anthu angati mkulu wake ndi telala wanji. Kweza manja."

"Asisi..."

"Kweza manja, ndili ndi ntchito zina."

Anayeza mapewa, anayeza msana, anayeza mkono mpaka pachigongono, akulankhula manambala chamumtima. Kenako anazunguliza tepi pachifuwa.

"Koka mpweya. Osati umenewo, wa nyimbo."

Mng'onoyo anakoka. Nthiti zinatambasuka, tepi n'kuyamba kutsetsereka pakati pa zala za Mayi Belu, kupitirira pomwe ankayembekeza, n'kupitirirabe. Mpweya wonsewo, m'chifuwa cha mwana amene ankamubereka kumsana. Chala chawo chachikulu chinaipanikiza tepi, n'kuikoka pang'ono chobwerera.

"Asisi, mukundifinya."

"Ndikudziwa."

Anaigwira choncho kanthawi, akumva mtima wa mng'ono wawo ukugunda pansi pa tepiyo. Kenako anamasula chala, tepi n'kupita mpaka pomwe chifuwa chinkafuna, ndipo anawonjezera kampata ka zala ziwiri.

"Pita, uchedwa. Ukabwere msanga Lachitatu udzayese."

Chitseko chitatsekeka, anakoka sutikesi ya pansi pa tebulo momwe ankasungamo nsalu zawozawo. Munali ziwiri zokwana diresi: yabuluu yonyezimira, imene ankaisungira tsiku lalikulu, ndi yabulauni yosalala, yolimba bwino koma yosaitana maso. Anaziyala zonse pa tebulo n'kuziyang'ana nthawi yaitali. Yabuluu anaipinda bwinobwino n'kuibwezera m'sutikesi. Anatambasula yabulauni, anatenga choko, n'kuyamba kulemba.